Vinyo wa pa Guwa ndi Alimi a m'Mapiri a Alps

Kucokera mu 1923, pamene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Minga, Nsembe ya Misa yakhala ikuperekedwa m'dziko la Mfumu Kalindawalo. Pa mtulo timabwera ndi cimanga, nshawa ndi nthoci, koma vinyo wa m'cikho sacokera m'minda yathu. Ndiye ena amafunsa kuti: popeza nthoci zili mbwee ku Nyimba, bwanji osapangira vinyo wa Misa konkuno?

Yankho lili m'Malamulo a Mpingo a 1983. Lamulo 924 lifuna kuti vinyo wa Misa akhale wa zipatso za mpesa, weniweni ndi wosasasa, pakuti ndiye amene Ambuye anadalitsa pa Mgonero Wotsiriza. Lamulolo silisankha pakati pa wofiira ndi woyera. Maparishi ambiri amakonda woyera cifukwa sathimbiriza nsalu za paguwa. Popanga woyerayo amafinya mphesa nacotsa makoko madzi ake asanayambe kuwira, popeza makoko ndiwo amafiiritsa vinyo.

Vinyo woyera wina wochuka amacokera m'zigwa za mapiri a Alps ku Ulaya. Kumpoto kwa Italy, pafupi ndi mzinda wa Bressanone, kuli nyumba ya ansembe a Augustino Woyera yochedwa Novacella, imene inakhazikitsidwa mu 1142, ndipo mpaka lero ikupanga vinyo. Ku Morgex, m'cigwa ca Aosta kunsi kwa phiri la Mont Blanc, minda ya mpesa imafika mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere. Kumeneko amalima mtundu wochedwa Prié Blanc, umene umapirira cisanu.

Nchito yake ndi ya thukuta. Pamatsitso alimi anamanga makoma a miyala kuti nthaka isakokoloke. Mpesa amauyanzika pa timathandala tatifupi, kuti miyala imene yatentha ndi dzuwa masana iufunditse usiku. Kacirombo kodya mizu kochedwa phylloxera, kamene kanapulula minda ya ku France kuyambira ca m'ma 1860, sikanathe kukhazikika kumtunda kozizirako. Wansembe wa parishi ya Morgex, Bambo Alexandre Bougeat, analimbikitsa anthu ake kuti asataye mpesa wa makolo ao, ndipo mu 1983 alimi a minda ing'onoing'ono anagwirizana napanga kopaletivu yofinyira ndi kugulitsira vinyo pamodzi.

Petauke nayenso ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Nanga cimatiletsa ife n'ciani? Bvuto lagona pa nyengo. Ku Alps mpesa umagona m'nyengo yacisanu, zipatso n'kupsa pang'onopang'ono, masana kotentha usiku kozizira. Kwathu kuno mpesa ukangotsata nyengo yake, zipatso zimakhwima m'dzinja, pamene kutentha ndi cinyezi zimabweretsa nkhungu ndi kuoletsa mphesa. Komabe tisaganize kuti mpesa ngwa ku Ulaya kokha. Ku Cape vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, ndipo vinyo wambiri wogulitsidwa m'Zambia amacokera ku South Africa. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yocepa, amishoni Acikatolika ndiwo anayambitsa ulimiwu, ndipo alimi amachera mphesa kawiri pacaka.

Kaya mpesa udzabala kwathu kapena iai, alimi a ku Morgex atiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, munda wa paphiri umafuna mlimi wouteteza. Mizere yopingasa ndi makoma a miyala zingasunge nthaka imene mvula imatilanda caka ndi caka m'mapiri a ku Nyimba. Caciwiri, mlimi wogulitsa yekha amauzidwa mtengo ndi wogula. Amai amene amathamangira mabasi pa mseu wa Great East Road ndi nthoci pamutu akudziwa bwino zimenezi, pakuti nthoci yakupsa sidikira mawa. Mutu umodzi susenza denga.

Akhristu anzanga, nkhaniyi tikaikambirane m'Mipingo yathu Ing'onoing'ono. Ndipo poika copereka m'mbale pa Sondo, tikumbukire kuti vinyo wa m'cikho amagulidwa ndi ndalama, atayenda ulendo wautali kucokera m'manja mwa mlimi mnzathu.