Anthu a ku Universidade Eduardo Mondlane ndi cilembo "c" ca m'mabuku athu

Pa msonkhano wa atsogoleri a makalasi umene tinacita miyezi yapitayi, mayi wina wacikulire anaimirira, kabuku ka phunziro loyamba kali m'manja, nafunsa kuti: "Abusa, ine kuwerenga ndinaphunzirira ku Malawi kothawa nkhondo. Kumeneko cimanga timalemba ndi c ndi h. Nanga analamula ndani kuti kuno h acoke?" Anthu anaseka, koma ambiri anavomereza ndi mutu, pakuti funso lomweli amakumana nalo m'makalasi mwawo. Ife tinangoyankha mwacidule kuti zinacokera ku sukulu ya ukacenjede ya ku Maputo. Mayiwo anakhala pansi osakhutira, ndipo sanalakwe. Makoma a sukulu salemba malamulo. Alipo anthu amene anagwira nchitoyo, ndipo ali ndi maina. Tsono tati tiwachule pano, pamodzi ndi ena amene anaphunzitsa kapena kuphunzira pa sukuluyi, kuti inu mukafunsidwa mukhale ndi conena.

Sukuluyi anaikhazikitsa ndi Apwitikizi m'caka ca 1962, dzina lake Estudos Gerais Universitários de Moçambique. Mu 1968 inasanduka Universidade de Lourenço Marques. Mkulu wake woyamba anali José Veiga Simão, amene pambuyo pake anakakhala nduna ya maphunziro kwawo ku Portugal. Tisanamizane, sukuluyi sanamangire ife. Pofika nthawi ya ufulu mu 1975, mwa ophunzira oposa 2,000, ana akuda a dziko lino anali ngati 40 okha, ndipo mwa anthu 100 alionse a m'dziko, oposa 90 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Apwitikizi atanyamuka, aphunzitsi ndi ophunzira ambiri anapita nawo limodzi, makalasi natsala ali mbee.

Pa 1 Meyi 1976 sukuluyi inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Mwini dzinali sanaphunzirepo kapena kuphunzitsapo pamenepa. Anabadwira ku Manjacaze mu 1920, ankaweta ziweto, ndipo sukulu anayamba atakula kale. Amene anamugwira dzanja ndi a mishoni ya Suíça, a Presbiteriana. Mu 1949 boma la tsankho linamucotsa pa sukulu ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma anakapitiriza ku America, ku Oberlin ndi ku Northwestern, mpaka anakhala mphunzitsi ku Syracuse. Mu 1962, caka comwe Apwitikizi ankatsegula sukulu yawo ija, iye ankasankhidwa kutsogolera FRELIMO. Anafa pa 3 Febuluwale 1969 ku Dar es Salaam, bomba lobisika m'phukusi la buku litamuphulikira.

Imfa yoteroyo inadzabweranso, ulendo uno m'kati mwa sukulu yeniyeniyo. Mu 1976, m'masiku a mkulu woyamba wa nthawi ya ufulu, Fernando Ganhão, panatsegulidwa Centro de Estudos Africanos, malo ofufuzira za moyo wa anthu a mu Africa. Mtsogoleri wake anali Aquino de Bragança, wobadwira ku Goa. Mu 1977 kunafika mayi Ruth First, wothawa boma la tsankho la ku South Africa, kudzatsogolera kafukufuku. Mayiyu sankafuna kuti ophunzira angokhala m'kalasi. Anawatuma ku midzi ya ku Inhambane kukaceza ndi amuna obwera ku migodi ya ku Joni: ndalama analandira zingati, anagulira ciyani, munda unatsala ndi yani. Zimenezi zinatuluka m'buku la O Mineiro Moçambicano. Ife a kuno kumpoto, amene agogo athu anathera mphamvu m'mafamu a ku Rhodesia, nkhani zotere sizitidabwitsa; cacilendo cinali cakuti anthu ophunzira anaziona ngati zoyenera kulembedwa. Pa 17 Ogasiti 1982 mayiyu anatsegula kalata mu ofesi yake, ndipo inali bomba lotumizidwa ndi apolisi a boma la tsankho. Anafera pomwepo. Aquino, amene anali m'cipinda comweco, anavulala koma anapulumuka, nadzafa pa 19 Okotobala 1986 m'ndege ija ya Samora Machel ku Mbuzini. Mnzawo wina, Albie Sachs, amene anaphunzitsapo za malamulo pa sukuluyi, anaduka mkono wamanja ndi bomba la m'galimoto ku Maputo mu 1988. Iyeyu anacira, ndipo mu 1994 Nelson Mandela anamuika kukhala woweruza m'bwalo lalikulu la malamulo a dziko kwawo.

Tsopano tifike pa funso la mayi aja. Akuluakulu a pakati panu akukumbukira nkhondo yolimbana ndi umbuli imene boma linayambitsa mu 1978. Colinga cinali cabwino, koma zonse zinali m'Cipwitikizi cokha, poopa kuti zilankhulo zathu zingagawanitse mtundu. Ife tikuona kuti apa panalakwika. Agogo amene sanagwirepo pensulo ankauzidwa kusenza mitolo iwiri nthawi imodzi, zilembo ndi cilankhulo cacilendo, ndiye ambiri anatula panjira. Nthawi yonseyo m'mipingo anthu ankawerengabe Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo m'Cinyanja, popanda wowawerengera kuti ndi anthu odziwa kuwerenga.

Amene anayamba kutembenuza zimenezi ndi kagulu ka aphunzitsi a zilankhulo pa sukulu yomweyi, kochedwa NELIMO. Mu 1988, nkhondo ili m'kati, anaitanitsa msonkhano ku Maputo wogwirizana za kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino, ndipo zimene anagwirizana zinasindikizidwa mu 1989. Cinyanja cinali m'gulumo. Msonkhano waciwiri unacitika mu 1999, wacitatu mu 2008. Maina awiri muwasunge. Woyamba ndi Bento Sitoe, mphunzitsi amene analemba nkhani m'Cicangana monga Zabela, natulutsa mtanthauziramawu wa Cicangana ndi Cipwitikizi mu 1996. Waciwiri ndi Armindo Ngunga, Myao wa ku Niassa, amene anakatenga udokotala ku Berkeley ku America pofufuza Ciyao ca kwawo, nadzakhalanso mtsogoleri wa Centro de Estudos Africanos ija. Awiriwa ndiwo anasonkhanitsa buku la msonkhano waciwiri, lotuluka mu 2000.

Nanga h anamucotseranji? Sanamucotse ai, anangomupatsa nchito imodzi. Taonani: pala ndi phala, kola ndi khola, ponya ndi phonya. M'mawu onsewa h akutiuza kuti tichule ndi mpweya. Ikani dzanja pakamwa muchule kola, kenaka khola, mumva kusiyana kwake. Tsono ngati p, t ndi k zili ndi anzawo ph, th ndi kh, nayenso c akhale ndi mnzake ch. Ndiye timalemba caka, cimanga, kuca kwa m'mawa, popanda mpweya. Koma nchito, kuchula, kucha msampha, ndi mpweya. Ku Malawi, Chichewa Board inasankha njira ina m'malamulo ake a 1973: ch pamene ife tilemba c, ndi tch pamene ife tilemba ch. Ku Zambia amalemba ngati ife. Ndipo amene muli ndi Buku Lopatulika lakale lija kunyumba, katseguleni, mukapeza c yemweyu ali phee. Si cinthu cobwera ndi a ku Maputo, iwo anangocilimbitsa.

Kalembedwe kameneka ndi kamene kanathandiza pamene boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, Cicangana ku Gaza ndi Cinyanja kuno ku Tete. Kuyambira 2003 njirayi inalowa m'sukulu zina za boma.

Ena tiwachule mothamanga. Brazão Mazula, mwana wa ku Niassa, anatsogolera bungwe loyendetsa cisankho coyamba ca zipani zambiri mu 1994, pamene ambiri a ife tinali titangobwera kumene kothawa nkhondo, ndipo anakhala mkulu wa sukuluyi kuyambira 1995 mpaka 2007. Luísa Diogo, wobadwira ku Mágoè m'cigawo cathu ca Tete, anatsiriza maphunziro a zacuma mu 1983, nadzakhala mayi woyamba kukhala nduna yaikulu, kuyambira 2004 mpaka 2010. Mia Couto anayamba udokotala, nausiya, nadzabwerera kudzaphunzira za zamoyo; lero dziko limamudziwa ndi mabuku. Paulina Chiziane anaphunzirapo za zilankhulo koma sanatsirize, komabe mu 1990 anakhala mayi woyamba wa dziko lino kutulutsa buku la nkhani yaitali, ndipo mu 2021 analandira mphotho ya Camões, imene Mia Couto analandira mu 2013. Mayiyu timakonda kumuchula kwa ophunzira athu a zaubusa amene amadandaula kuti alibe mapepala okwanira.

Pempho lathu kwa inu atsogoleri ndi ili. Wophunzira wobwera ndi ch wa ku Malawi musamamuuze kuti walakwa, popeza mabuku ambiri a nyimbo ndi a Mawu a Mulungu amene ali m'manja mwathu amacokera komweko, ndipo adzafunika kuwerenga zonse ziwiri. Gawani bolodi pakati, mbali ina mulembe caka, cingwe, nchito, mbali inayo chaka, chingwe, ntchito, awerenge mokweza aone okha kuti pakamwa pakutuluka mawu amodzimodzi. Pofunika kucenjera ndi pa mawu ngati kucha. Wa ku Malawi akawaona aganiza za m'bandakuca kapena za mango akupsa, pamene kabuku kathu kakunena za msampha kapena za kupatsa mwana dzina. Mawu oterewa muwasungire tsiku lawolawo, ndipo amene mwapeza ena otero m'makalasi mwanu mutilembere, tidzawasindikize m'kope likudzali.