GALIMOTO LIMAMWA PETULO WOCHULUKA BWANJI?

Lero tikambirana za magalimoto aja a msinkhu wapakati, otalika miyendo, onga Toyota RAV4 ndi Nissan X-Trail. Alimi ena akagulitsa fodya kapena mtedza amagula galimoto lotere logwirapo kale ntchito, lochokera ku Japan. Wogulitsa amaonetsa pepala nanena kuti, "Ili silimwa petulo, bambo." Koma pakutha mwezi mwini wake apeza m'thumba mwauma. Kodi chalakwika n'chiyani?

Mverani. Nambala ya papepala ija sanaipeze pamsewu ai. Galimoto analiyesera m'nyumba, magudumu akuzungulira pa zitsulo, likali latsopano. M'nyumbamo mulibe chitunda, mulibe matope kapena mchenga, mulibenso matumba a chimanga. Tsono galimoto lomwelo likafika kuno, litakalamba, ndi kuyamba kukwera Chiweta kapena Khwekhwelere, liyenera kumwa koposa.

Chifukwa chake musakhulupirire pepala, yesani nokha. Dzazani thanki mpaka pampu itaima yokha, ndipo lembani nambala ya makilomita imene ili pa wotchi ya galimoto. Yendani maulendo anu monga mwa masiku onse. Pobwera kudzathiranso, dzazani monga poyamba, muone malita amene alowa. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malitawo. Ngati mwayenda makilomita 300 ndipo alowa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 10. Teroni katatu, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe, pakuti msewu wa matope umadya petulo wambiri.

Taonani phindu lake. Kuchokera ku Kasungu kunka ku Lilongwe ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 260. Tiyerekeze kuti pepala likuti makilomita 13 pa lita: munthu athira malita 20. Koma ngati galimoto lake limayenda makilomita 10 okha pa lita, afunika malita 26. Malita 6 operewerawo ndiwo amagoneka munthu panjira usiku, mwina ali ndi wodwala m'galimoto.

Tsono pali zinthu zisanu zimene mwini galimoto angachite.

Choyamba, katundu. Matumba 6 a makilogalamu 50 ndiwo makilogalamu 300, kulemera ngati anthu akulu anayi kapena asanu. Katundu womangidwa padenga ndiye aipitsa, pakuti amalimbana ndi mphepo.

Chachiwiri, liwiro. Galimoto lalitali chotere limakankha mphepo yambiri. Woyenda makilomita 80 pa ola amafika ndi petulo wotsala kuposa wothamanga 120.

Chachitatu, matayala. Tayala lopanda mpweya wokwanira limalemera ngati njinga yophwa. Muyeso wake unalembedwa pa kapepala ka pakhomo la dalaivala. Yesani m'mawa matayala asanatenthe.

Chachinayi, sefa ya mpweya ndi mapulagi. Fumbi la misewu yathu limatseka sefa msanga, ndipo injini yosasamalidwa imafooka.

Chachisanu, musasiye injini ikulira pamene mukucheza pamsika. Galimoto loima likulira likumwa petulo osayenda ngakhale phazi limodzi.

Inu mafumu, mau awa ndi anunso. Pamene anthu a m'mudzi asonkha ndalama za galimoto lotengera wodwala kuchipatala kapena la pamaliro, pamabuka mikangano pa za petulo. Funsani mwini galimoto nambala imene anayesa yekha, muwerengere pamodzi makilomita a ulendo, onse aone. Potero sipadzakhala wonena kuti wadyeredwa.

Petulo wathu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mtengo wake amaika ndi a MERA. Mtengowo simungausinthe, koma malita amene mumatha ali m'manja mwanu. Akulu anati safunsa anadya phula. Musanagule galimoto, funsani amene ali nalo kale kwanuko. Tsalani bwino.