Cifundo Cimene Sicitopetsa Wodwazika

M'MAKOMBONI ambiri simulephera kupezeka nyumba imene muli wodwala wogona. Angakhale nkhalamba imene inafa ziwalo, mwana wa khunyu, kapena bambo amene a cipatala anamubweza kuti akapitirize mankhwala kunyumba. Pambali pa wodwala wotere pamakhala munthu mmodzi, kawiri-kawiri mai kapena mtsikana, amene amamsambika, kumdyetsa, kumtembenuza ndi kucapa zofunda usana ndi usiku. Alendo akabwera amafunsa za wodwala. Wodwazika, palibe amene amamfunsa kuti wagona bwanji.

Pakapita miyezi, wodwazika amayamba kusintha. Tulo timasowa, mutu umawawa, ndipo kanthu kakang'ono kamamkwiyitsa. Ena amafika pokalipira wodwala yemwe amamkonda, kenaka n'kukalira okha kuseri kwa nyumba podziona ngati anthu oipa mtima. Akatswiri a za maganizo akuti anthu otere amakhala atalema ndi kusenza ululu wa mnzao, ngakhale kuti cikondi cikalipo. Kufufuza kumene kwacitika ku Ulaya ndi ku America kwaonetsa kuti pali cizolowezi cina cimene cingapepuze mtolo umenewu. Cizolowezico ndi kukhala cete mphindi zocepa tsiku liri lonse, n'kumadzifunira zabwino mumtima ndi kufuniranso zabwino anthu ena.

Kumene njirayi inacokera

Njirayi ndi yakale kwambiri. Inayambira ku India zaka pafupi-fupi 2,500 zapitazo pakati pa otsatira a Buddha. M'cinenero cao ca Pali, mtima wofunira anthu onse zabwino amaucha metta, ndipo kufunitsitsa kuti wobvutika amasuke ku mabvuto ake amakucha karuna.

M'zaka za m'ma 400, mphunzitsi wina dzina lake Buddhaghosa, amene anali kukhala pa cisumbu ca Sri Lanka, analemba buku lochedwa Visuddhimagga momwe anafotokoza ndondomeko yake. Iye anati munthu ayambe ndi iye mwini, kenaka munthu amene amamlemekeza, bwenzi lapamtima, munthu amene sam'konda ndiponso sadana naye, ndipo potsiriza mdani. Anacenjezanso kuti cifundo ciri ndi mdani amene amafanana naco nkhope, ndiye cisoni. Munthu angaganize kuti ali kucitira mnzake cifundo pamene iye wangomira m'cisoni.

Masiku ano madokotala ndi alangizi a za maganizo m'maiko ambiri amaphunzitsa njirayi popanda mapemphero kapena miyambo ya Cibuda. Woicita safunika kusiya chalichi kapena mzikiti wake.

Zimene makina anaonetsa

Cenjezo la Buddhaghosa linadzayesedwa ndi a sayansi patapita zaka mazana ambiri. Mu 2007, mu mzinda wa Maastricht ku Netherlands, katswiri wa za ubongo wa ku Germany, mai Tania Singer, analowetsa Matthieu Ricard m'makina ojambula ubongo. Ricard ndi Mfalansa amene anaphunzira sayansi ku Paris asanadzipereke ku cipembedzo ca Cibuda, ndipo anali atazolowera kusinkha-sinkha kwa zaka zoposa 30. Anampempha kuti angomva ululu wa anthu ena basi, osaonjezapo ciri conse. Iye anaika maganizo pa ana amasiye otayidwa a ku Romania amene anawaona pa wailesi ya kanema. Sipanatenge nthawi yaitali kuti afooke kotheratu. Atamlola kutembenukira ku cifundo, kuwafunira anawo zabwino ndi kuwakumbatira m'maganizo, mphamvu zinabwerera, ngakhale kuti nkhope za anawo zinali zikali m'mutu mwake.

Mai Singer ndi mnzao Olga Klimecki anapitiriza nchitoyi, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014. Anatenga azimai wamba amene sanali kudziwa za kusinkha-sinkha. Poyamba anawaphunzitsa kudziika m'malo mwa wobvutika ndi kumva ululu wake, kenaka anawaonetsa mafilimu a anthu ali m'mabvuto. Azimaiwo anati mitima yao inalemedwa koposa kale, ndipo m'ubongo munagwira nchito mbali zomwe zija zimagwira munthu akamva kuwawa m'thupi mwake. Pambuyo pake azimai omwewo anaphunzitsidwa cifundo. Poonanso mafilimu otere, kulemedwa kuja kunatsika kubwerera mwakale, mitima inafunda, ndipo m'ubongo munagwira nchito mbali zina zimene zimagwirizana ndi cikondi ndi kukondwa.

Tanthauzo lake kwa wodwazika ndi ili: kumva ululu wa wodwala ndi kumcitira cifundo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Coyamba cikapitirira cimatha mphamvu, ndipo munthu amafuna kuthawa. Caciwiri cimampatsa mtima wokhala pafupi ndi kuthandiza. Cokondweretsa ndi cakuti caciwirici munthu angaciphunzire monga momwe aphunzirira nchito iri yonse ya manja.

Kufufuza kwina

Ku America, mai Barbara Fredrickson a pa yunivesite ya North Carolina anafalitsa mu 2008 zimene anapeza pa anchito 139 a kampani ya makompyuta mu mzinda wa Detroit. Theka la anthuwa linaphunzitsidwa metta kwa milungu 7, pamene enawo anali kuyembekezera. Ophunzitsidwawo anayamba kumva cimwemwe, ciyamiko ndi ciyembekezo kawiri-kawiri pa tsiku, anaona kuti ali pafupi ndi anzao, ndipo zizindikiro za kupsinjika maganizo zinacepa.

Ku Britain, katswiri wa za maganizo Paul Gilbert wa mu mzinda wa Derby anaona kuti odwala ambiri amene amacedwa kucira ndi aja odzala ndi manyazi ndi kudziimba mlandu. Anakonza njira ya cithandizo yowaphunzitsa kudzilankhula mofatsa monga momwe angalankhulire kwa bwenzi lobvutika. Apa ndi pamene wodwazika uja wolira kuseri kwa nyumba afunika thandizo koposa, pakuti kudzitukwana mumtima kumaonjezera kutopa.

Komabe njirayi siyenera kutamandidwa kupitirira muyezo. Mu 2014 ofufuza a pa yunivesite ya Cardiff, motsogozedwa ndi Julieta Galante, anaika pamodzi zotsatira za mayeso 22. Anapeza kuti ocita njirayi amapeza bwino poyerekeza ndi amene sanacite ciri conse, koma sikunaoneke bwino ngati iposa njira zina zothandizira maganizo. Anaonanso kuti kwa anthu ena masiku oyamba amakhala obvuta.

Kacitidwe kake

Sipafunika ndalama kapena cipangizo. Munthu asankhe nthawi imene m'nyumba muli bata, monga m'mamawa mbaula isanayatsidwe kapena usiku wodwala atagona. Mphindi 10 zikwanira poyamba. Akhale pa mpando kapena pa mphasa, msana uli woongoka, apume pang'ono-pang'ono mpaka mapewa atamasuka.

Kenaka asankhe mau ocepa a iye mwini, osapitirira ziganizo zitatu, monga akuti: ndipeze mpumulo, ndikhale ndi mphamvu, mtima wanga ukhale pansi. Awabwereze mumtima mosathamanga. Anthu ambiri amaona kuti kudzifunira zabwino ndi kobvuta, mwina kocititsa manyazi. Otere ayambe ndi munthu wamoyo amene akamkumbukira mtima umafewa wokha, monga ambuya amene anawalera kapena kamwana ka m'nyumba, ndipo abwerere kwa iwo eni pambuyo pake.

Pakapita masiku, aonjezepo wodwala. Apa ndi pofunika kusamala. Maganizo amathamangira ku zilonda, ku kubuula kwa usiku ndi ku mantha a zimene zingacitike. Wosinkha-sinkha asakane kuti ululuwo ulipo, koma aubvomereze ndi kubwerera ku mau ake: apeze mpumulo, ululu wake ucepe, adziwe kuti sali yekha. Akaona kuti cisoni cikumgonjetsa, atsegule maso, apume, abwerere kwa munthu wosabvuta uja.

Pambuyo pake aganizire munthu amene amamuona tsiku ndi tsiku koma osamlabadira, monga wogulitsa malasha kapena kondakita wa minibasi. Potsiriza, mwina patapita milungu, abwere kwa munthu wobvuta. Ndi bwino kuyamba ndi mkangano waung'ono, monga wa mnansi amene anakangana naye pa pompi, kapena wacibale amene sabwera kudzaona wodwala. Mdani weni-weni si woyambira.

Masiku ena mtima sumva kanthu, ndipo maganizo amapita ku ndalama za lendi kapena za sukulu. Zimenezi zimacitikira ali yense. Cofunika ndi kubwerera ku mau aja mosadzikalipira, ndi kucitanso mawa.

Nanga nkhwali ija?

Akulu-akulu amati cifundo cinapha nkhwali, ndipo pali ena amene amaopa kuti njira yotere ingasandutse munthu kukhala copondera ca anthu. Nkhwali inafa cifukwa inanyamula njoka pakhosi. Kufunira munthu zabwino mumtima sikulamula kuti anyamulidwe pakhosi. Mai amene amamenyedwa ndi mwamuna wake sayenera kukhalabe m'nkhanza poganiza kuti ndico cifundo. Malo ake ndi kwa acibale odalirika ndi ku Victim Support Unit ya apolisi. Munthu amene anacitidwa nkhanza yaikulu asadzikakamize kuganizira womulakwirayo popanda mlangizi pambali pake.

Cimodzi-modzinso wodwazika amene waphunzira kudzicitira cifundo amazindikira kuti iye ndi munthu wofunika kudya, kugona ndi kupuma. Amalimba mtima kuitana acibale ndi kuwauza kuti asinthane masiku, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nthawi yopita ku cipatala

Kusinkha-sinkha sikulowa m'malo mwa mankhwala. Amene ali pa mankhwala a matenda a maganizo, a khunyu kapena a matenda ena asawaleke. Munthu amene wakhala milungu iwiri kapena kuposa ali wacisoni tsiku lonse, osafuna kudya, osagona, osakondwa ndi ciri conse, apite ku kiliniki yapafupi akalongosole zonse kwa anesi kapena kwa dokotala. Amene akumva mau a anthu osaoneka, kapena amene wayamba kuganiza zodzipha, aperekezedwe tsiku lomwelo. A ku kiliniki amatumiza odwala ku zipatala zazikulu ngati kuli kofunika, kuphatikizapo Chainama Hills ku Lusaka, cimene ndi cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko muno.

Ndipo amene apita kukazonda wodwala m'komboni, akatha kufunsa za wodwalayo atembenukirenso kwa womdwazika, amfunse ngati wadya ndiponso ngati wagona. Ngati angathe, akhale ndi wodwalayo kwa ola limodzi kuti mnzaoyo akapume.