Kuchepetsa Thupi Pokonzekera Liwiro la Mtunda Wautali: Nsima Si Mdani

CHADIZA – Munthu wofuna kuchepetsa thupi uku akukonzekera mpikisano wothamanga mtunda wautali amakumana ndi vuto limodzi lalikulu. Thupi limene akufuna kulimana chakudya ndi lomwelo loyenera kumunyamula makilomita ochuluka. Akadya mopyola muyeso, thupi silitsika. Akadzimana kwambiri, amafooka, amavulala, ndipo mwina sangafike n'komwe pa tsiku la mpikisano.

Nkhaniyi ikukhudza achinyamata ndi akuluakulu omwe m'maboma monga Chadiza, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Boma limeneli, lomwe lili m'malire ndi dziko la Mozambique, ndi la alimi a chimanga, nshawa, soya, nyemba ndi mpendadzuwa. Zakudya zimene wothamanga amafuna zili kale m'nkhokwe ndi m'madimba a kumeneko. Chofunika ndi kudziwa chimene ayenera kuchepetsa ndi chimene sayenera kuchisiya.

Kuthamanga mtunda wautali si kwachilendo m'dziko la Zambia. Mu Disembala 1958, Yotham Muleya, akuthamanga wopanda nsapato, anagonjetsa katswiri wa ku Britain Gordon Pirie pa mpikisano wa mamailosi atatu mu mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Masiku ano anthu ambiri amathamanga makilomita 10, ena 21, ndipo ena amalimbana ndi mpikisano wa marathon wa makilomita 42.195. Ambiri mwa iwo sayang'ana mendulo koma kuchepetsa thupi ndi kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori. Akatswiri a masewero amawerengera kuti wothamanga amagwiritsa ntchito pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Motero munthu wolemera makilogalamu 70 akathamanga makilomita 10 amatentha makalori pafupifupi 700. Koma kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Izi zikutanthauza kuti munthuyo ayenera kuthamanga makilomita 110 kuti achotse kilogalamu imodzi, ndipo zimenezi zingatheke pokhapokha ngati sakuwonjezera chakudya. Popeza liwiro limadzutsa njala, ambiri amabweza pambale zonse zimene anataya pamsewu.

Pa chifukwa chimenechi, alangizi a zakudya amalimbikitsa kuchepetsa pang'ono, makalori 300 mpaka 500 patsiku. Kuchotsa makalori 500 tsiku lililonse kumapanga 3,500 pamlungu, zomwe zimatsitsa thupi ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Liwiro lotere limaoneka lochedwa, koma limasiya minofu ili yamphamvu ndipo munthu amapitiriza maphunziro ake othamanga popanda kudukiza.

Cholakwa chofala ndi kusiyiratu nsima. Nsima, kandolo, mpunga ndi nthochi zimasanduka shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, wotchedwa glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, pafupifupi magalamu 500 mwa munthu wamkulu, ndipo ndiyo imayendetsa miyendo liwiro likakula. Ikatha, miyendo imalemera mwadzidzidzi, monga zimachitikira othamanga ambiri a marathon akafika cha pa makilomita 30.

Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Munthu akasiya nsima, sikelo ingasonyeze kuti watsika ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'masiku ochepa, koma zambiri zimene zachokazo ndi madzi. Akangoyambanso kudya, kulemera kuja kumabwerera.

Kafukufuku amene Vincent Onywera ndi anzake anasindikiza mu 2004 anaunika chakudya cha akatswiri othamanga a ku Kenya. Anapeza kuti magawo oposa 76 pa 100 alionse a mphamvu zawo ankachokera ku zakudya za gulu la chimanga ndi shuga. Pakati pa zakudya zawo zazikulu panali ugali, imene ndi nsima yomweyi, pamodzi ndi ndiwo zamasamba, nyemba ndi tiyi wamkaka. Wothamanga wa ku Chadiza sathamanga mtunda wofanana ndi akatswiriwo, choncho safunika nsima yochuluka ngati iwo. Angachepetse mitanda pa tsiku lopuma, ndi kudya mokwanira pa tsiku lothamanga mtunda wautali. Ufa wa mgaiwa ndi wabwino kuposa woyera chifukwa uli ndi gaga, amene amakhalitsa m'mimba.

Malo oyenera kuchepetsa ndi mafuta, shuga wothira ndi mowa. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa ili ndi osapitirira 4. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, moti masipuni atatu ochotsedwa mu ndiwo ndi m'zokazinga akwaniritsa kale muyeso wa tsiku. Vitumbuwa, tchipisi ndi nyama yonona ndi zimene zimabisa mafuta ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi masipuni ang'onoang'ono 12. Chakumwa chozizira cha shuga cha mamililita 330 chingakhale ndi magalamu 35 pachokha. Nawo mowa uli ndi makalori 7 pa galamu iliyonse ya chinthu choledzeretsacho, ndipo sumanga thupi.

Nshawa ndi chakudya chabwino, koma zimafuna muyeso. Magalamu 100 a nshawa ali ndi makalori oposa 550. Kutendera chiwawa kapena bondwe ndi nsinjiro kuli bwino kusiyana ndi kuthira mafuta, koma kukukuta nshawa zokazinga tsiku lonse kumabweza zonse zimene liwiro la m'mawa linachotsa.

Zakudya zomanga thupi siziyenera kuchepa. Munthu akamadya mochepa, thupi limatha kuyamba kudya minofu yake. Malangizo a akatswiri a masewero amati wothamanga apeze magalamu 1.2 mpaka 2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 70, amenewa ndi magalamu 84 kapena kuposerapo. Dzira limodzi limapereka magalamu 6 okha, choncho pamafunika kuphatikiza nyemba, soya, kapenta, mkaka kapena nkhuku pa chakudya chilichonse. Kapenta ali ndi ubwino wina, chifukwa amadyedwa ndi minga zake zomwe zimalimbitsa mafupa.

Magazi nawo amafuna chisamaliro. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto lochepa magazi. Wothamanga wochepa magazi amapuma mwawefuwefu ngakhale pa mtunda waufupi. Chiwindi, nyemba ndi masamba obiriwira zimathandiza, makamaka zikadyedwa ndi zipatso monga malalanje, magwafa kapena mango. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, motero ndi bwino kumumwa patapita nthawi chidyereni.

Kuopsa kodzimana mopyola kunadziwika kwambiri mu 2014, pamene bungwe la International Olympic Committee linalitcha vutoli dzina lakuti RED-S, kutanthauza kuperewera kwa mphamvu m'thupi la wamasewero. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, kudwaladwala, kukwiya msanga, kusagona bwino, ming'alu ya m'mafupa a miyendo, ndiponso kuleka kusamba kwa atsikana ndi amayi. Amuna nawo limawagwira. Ana asukulu amene akukulabe, amayi apakati ndi oyamwitsa sayenera kuchepetsa chakudya pofuna kupepuka. Kafukufuku wa mu 2018 uja anasonyezanso kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, zomwe zikusonyeza kuti m'mabanja ambiri vuto lalikulu ndi kusowa kwa chakudya.

Nyengo za kum'mawa kwa Zambia ziyeneranso kuganiziridwa. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala kumatentha kwambiri, ndipo kuthamanga kumayenera m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka. Kuvala majuzi kapena mapulasitiki kuti thukuta lichuluke sikusungunula mafuta. Kumangochotsa madzi ndipo kungagwetse munthu. Mkodzo wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitatsika pamene ntchito ya kumunda yachuluka. Munthu amene wagwira khasu tsiku lonse watentha kale mphamvu zambiri, ndipo sayenera kudzimananso. M'chaka cha chilala monga 2024, pamene boma la Zambia linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, mfundo imeneyi imakula kwambiri.

Nthawi yabwino yochepetsa thupi ndi miyezi yoyambirira, mtunda usanatalike. Kukatsala milungu yochepa kuti mpikisano uchitike, wothamanga ayenera kudya mokwanira, ndipo m'masiku awiri kapena atatu omaliza awonjezere nsima, kandolo kapena mpunga. Pa tsiku lenilenilo adye phala kapena nthochi kutatsala maola awiri kapena atatu, osayesa chakudya chachilendo. Akamaliza, adye chakudya chokhala ndi nsima ndi ndiwo zomanga thupi pasanapite nthawi yaitali.

Anthu odwala matenda a shuga, a mtima kapena othamanga magazi, komanso amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, akulangizidwa kuyamba aonana ndi a zaumoyo pa chipatala chapafupi asanasinthe kadyedwe kawo kapena kuyamba kuthamanga mtunda wautali.