Galu asambe madzi ozizira kapena ofunda?

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mphepo ya chiperoni yochokera ku Mozambique imafika m'boma la Phalombe ndi nkhungu komanso mvula yowaza imene imakuta phiri la Mulanje ndi la Michesi kwa masiku angapo. Pofika Okotobala zinthu zimatembenuka, moti m'chigwa chonse, kuyambira ku Migowi mpaka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, dzuwa limaswa mtengo. Chifukwa cha kusiyana kwa nyengo kotereku, funso la madzi oyenera kusambitsira galu silingayankhidwe ndi liwu limodzi.

Funsoli likhoza kuoneka lachibwana kwa ena, koma aphunzitsi, apolisi, alangizi ndi ena ogwira ntchito m'boma amene amasiya nyumba zawo tsiku lonse amadziwa kuti galu ndiye mlonda amene safuna malipiro pakutha pa mwezi. Ena mwa iwo amabwera pa transifa ndi agalu a mtundu wachizungu, monga German Shepherd, amene anawagula ndi ndalama zambiri. Galu wotere akadwala kapena kufa chifukwa cha kasambitsidwe kolakwika, banja limakhala litataya chuma ndi chitetezo nthawi imodzi.

Yankho la akatswiri a ziweto n'lakuti pa masiku wamba galu asambe madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndiponso osati ozizira kwambiri. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuona mmene thupi la galu limagwirira ntchito.

Kutentha kwa thupi la galu wabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, pamene kwa munthu ndi madigiri 37. Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse. Galu sachita choncho. Thukuta lake limatuluka pang'ono chabe kunsi kwa mapazi, ndipo njira yake yaikulu yoziziritsira thupi ndi kupuma mwawefuwefu lilime lili panja. Choncho madzi amene munthu angasangalale nawo m'bafa nthawi yozizira amamuwonjezera galu kutentha kumene sangathe kukuchotsa msanga. Kuwonjezera apo, chikopa chapamwamba cha khungu la galu n'chopyapyala kuposa cha munthu. Ubweya umangotinamiza kuti galu ndi wolimba khungu, koma zoona zake n'zakuti amapsa msanga. Madzi otentha amachotsanso mafuta achilengedwe amene amateteza khungulo, ndipo zotsatira zake ndi kuuma kwa khungu, kuyabwa ndi kudzikanda mpaka zilonda.

Madzi ozizira kwambiri nawonso ali ndi vuto lawo. Ubweya wouma umasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu, monga mmene bulangete limachitira. Ubweyawo ukanyowa, bulangetelo latha ntchito, ndipo mphepo ikamaomba thupi limataya kutentha mofulumira. Galu wamkulu, wathanzi ndi wodya bwino amapirira zimenezi. Amanjenjemera, n'kudzikutumula, n'kukagona padzuwa. Koma tiana ta agalu, agalu okalamba, owonda ndi odwala sapirira. Kamwana ka galu sikatha kusunga kutentha kwa thupi lake pakokha m'masabata oyambirira, n'chifukwa chake tianato timagona mounjikana pamimba pa mayi wawo. Akatswiri amalangiza kuti kamwana kosakwana masabata 8 kasasambitsidwe, koma kangopukutidwa ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda ngati kada. Kutengera kagalu kotere kumtsinje wotsika m'phiri la Mulanje m'mawa wa mu Julaye n'kukapha ndi manja ako.

Palinso mfundo ina imene ambiri saiganizira. Galu amene wathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi amakumbukira. Tsiku lina akangoona ndowa amathawa, ndipo akagwidwa mokakamiza akhoza kuluma, makamaka ana amene nthawi zambiri ndiwo amatumidwa ntchitoyi pakhomo.

Kuyesa madzi sikulira chipangizo. Amayi amadziwa kale njira yake posambitsa khanda: kuviika chigongono m'beseni. Ngati madziwo sakumveka kutentha kapena kuzizira, ndiye kuti ali bwino. Ndipo sipafunika kuwononga nkhuni kapena makala, zinthu zimene zikusowa kale pamene mitengo ya m'phiri ikutha. Kutunga madzi pamjigo m'mawa n'kuwasiya padzuwa m'beseni mpaka chakumasana n'kokwanira. M'nyengo yozizira galu asambe masana dzuwa lili pamutu, pamalo potchingika mphepo, kenako apukutidwe ndi thaulo lakale kapena nsalu youma. Tsiku la chiperoni, pamene dzuwa silikuoneka n'komwe, ndi bwino kungoimitsa kusambako. Palibe galu amene anafapo chifukwa chodikira masiku atatu.

M'nyengo yotentha madzi apamjigo osafunditsa alibe vuto kwa galu wamkulu. Ndipo pali nthawi imodzi imene madzi ozizira amasanduka mankhwala enieni. Galu womangidwa pachingwe padzuwa popanda mthunzi ndi madzi akumwa, kapena wothamangitsidwa mtunda wautali masana, akhoza kukomoka ndi kutentha. Kutentha kwa thupi lake kukapitirira madigiri 41, ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka. Zizindikiro zake ndi kupuma mwawefuwefu kosalekeza, kuchucha dovu, kuyenda mwadzandidzandi, kusanza ndi kugwa. Kale anthu ankalangizidwa kuti agwiritse ntchito madzi ofunda okha poopa kudzidzimutsa thupi, koma akatswiri a sukulu ya Royal Veterinary College ya ku London tsopano amalangiza kuti galu wotere aziziritsidwe kaye msanga ndi madzi ozizira amene alipo, kenako ndiye apite naye kwa dokotala. Amuike pamthunzi, amuthire madzi ndi kumukupiza. Kumufunditsa nsalu yonyowa sikuthandiza, chifukwa nsaluyo imatsekereza kutentha.

Eni agalu ambiri amene amawiritsa madzi amatero pofuna kupha nthata ndi nkhupakupa. Apa ndi pamene pali kulakwitsa kwakukulu. Madzi amene angaphe tizilomboti ndi kutentha kwake angayambe awotcha galuyo. Komanso nthata zimene zimaoneka pa galu ndi gawo lochepa chabe. Mazira ndi ana ake amakhala m'masaka, m'ziguduli ndi m'fumbi la pamalo pamene galu amagona. Madzi owirawo malo ake ndi amenewo. Zogonera za galu zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo pamalopo pasesedwe kawirikawiri. Nkhupakupa nazo sizigwa ndi madzi a mtundu uliwonse. Zimafuna kuzulidwa mosamala pamodzi ndi mutu wake, kapena mankhwala ake enieni, chifukwa zimafalitsa matenda amene amatha magazi a galu mpaka nkhama zake kuyera.

Za mankhwala, malangizo afunsidwe kwa alangizi a ziweto a Dipatimenti ya Zaumoyo ndi Chitukuko cha Ziweto, amene amapezeka kuofesi za ulimi m'bomali. Mankhwala monga amitraz amapha nkhupakupa ndi tizilombo toyambitsa mphere, koma ndi poizoni. Mlingo wa ng'ombe si wa galu, ndipo kuchulutsa mankhwala m'madzi kukhoza kufooketsa kapena kupha chiwetocho. Wosambitsayo avale zotchinga m'manja, ndipo ntchito imeneyi si ya ana. Mchitidwe wopaka galu wamphere oilo wakutha wa galimoto kapena parafini uyenera kutheratu: zinthuzi zimatentha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Sopo waufa wochapira zovala nayenso ndi waukali kwambiri pakhungu la galu. Ngati sopo wa agalu palibe, sopo wamba wofewa wosanunkhira angagwiritsidwe ntchito mwa apo ndi apo, bola atsukuluzidwe bwinobwino, ndipo madzi asalowe m'makutu. Kusamba kamodzi pamwezi n'kokwanira kwa agalu ambiri.

Malo osambitsira ndi nkhani imene ikukhudza makomiti a mijigo, alangizi a zaumoyo ndi mafumu. Galu asasambitsidwe pamjigo kapena pachitsime pamene anthu amatunga madzi akumwa, ndipo madzi a mankhwala asatayidwe mumtsinje. Mtsinje wa Phalombe umakathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja imene ilibe mtsinje wotulukira, ndipo inaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Mankhwala ambiri ophera nkhupakupa amaphanso nsomba, ndipo matemba a ku Chilwa ndi ndiwo komanso ndalama za mabanja ambiri m'bomali. Madzi otsalawo athiridwe m'dzenje kutali ndi chitsime.

Anthu ena akaona galu akuthawa madzi amayamba kumuganizira kuti wapenga. Kuopa madzi ndi chizindikiro cha chiwewe mwa munthu, osati mwa galu. Galu wachiwewe amadziwika ndi kusintha khalidwe mwadzidzidzi, kuluma chilichonse, kuyendayenda mopanda cholinga, kusintha kwa mawu pouwa, kuchucha dovu ndi kufa ziwalo. Galu wotere asagwidwe kapena kusambitsidwa, koma alangizi a ziweto adziwitsidwe msanga. Mofananamo, galu waukhondo, wonunkhira sopo, akhoza kukhala ndi chiwewe ngati sanabayidwe katemera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Kuti matendawa asiye kufala m'dera, pamafunika kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse. Zimenezi n'zotheka m'dziko muno: mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha.

Ngati galu waluma kapena kukanda munthu pomusambitsa, funso la madzi ozizira kapena ofunda lilibenso ntchito. Balalo litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi alionse aukhondo amene ali pafupi kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku John Chilembwe, ku Holy Family kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake. Mwini galuyo atenge chiphaso cha katemera, ngati chilipo, kuti achipatala ndi a ziweto akachione, ndipo galuyo atsekeredwe kwa masiku 10 kuti aone ngati angaonetse zizindikiro za chiwewe.