Hest ndi Behest: Mau Akale a Lamulo m'Chingerezi

Lero tikambirana za liu limodzi limene Angerezi eni ake analeka kuliyankhula kalekale, ngakhale mbale wake akali moyo m'manyuzipepala. Liulo ndi hest, ndipo tanthauzo lake ndi lamulo lotuluka m'kamwa mwa wamkulu.

Gwero lake ndi mneni wa Chingerezi chamakedzana, hatan, amene ankanena zinthu ziŵiri: kuitana munthu ndi dzina lake, ndiponso kumlamula. Zimenezi zisakudabwitseni, pakuti mfumu ikakuitanani simuyankha kuti mubwera mkuja. M'zaka za m'ma 1300 alaliki a ku England ankatchula Malamulo Khumi a Mose ndi liu lomweli.

Amene munaŵerenga sewero la William Shakespeare lotchedwa The Tempest, limene linaseweredwa mu 1611, mudzakumbukira Miranda. Mtsikanayu, mtima utakomedwa ndi Ferdinand, anamuululira dzina lake, ndipo pomwepo anadzidzimuka pozindikira kuti waswa hest ya atate ake, Prospero. Taonani kuti liuli silinena za lamulo lolembedwa m'mabuku a boma, koma la munthu amene mumdziŵa nkhope, amene mudzachita naye manyazi mukalephera.

Tsono mbale wake uja ndiye behest. Poyamba liuli linkatanthauza lonjezo, kotero kuti m'Baibulo limene otsatira a John Wycliffe anamasulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, Dziko la Malonjezo linatchedwa dziko la behest. Tanthauzo limenelo linafa, natsala la lamulo lokha.

Masiku ano mudzalipeza kaŵirikaŵiri m'mau akuti at the behest of, ndipo apa ndi pamene omasulira nkhani ayenera kusamala. Nyuzi ikati kalaliki anachotsedwa ntchito at the behest of mwini kampani, sikuti mwiniyo anangopempha ayi. Ikutiuza kuti wolemba kalata yochotsayo anali mtumiki chabe, ndipo mwini mlandu ndi uja anamtuma. Womasulira akalemba kuti "popemphedwa ndi", wamchotsera mwini kampaniyo mlandu umene nkhaniyo inamsenzetsa. Ine ndiona kuti "molamulidwa ndi" kapena "motumidwa ndi" ndiwo mau oyenera.

Ana asukulu, chenjeraninso ndi bequest. Limamveka ngati behest, koma ilo ndi chuma chimene womwalira wasiyira munthu m'chikalata chake cha masiye.