Nkhani yomwe mathero ake mumasankha nokha

Tayerekezani nkhani iyi pafoni yanu. Mtsikana wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe walandira uthenga pa WhatsApp: ntchito ilipo ku Oman, tikiti alipira ndi abwana, angofika pabwalo la ndege la Chileka Lachisanu. M'munsimu muli mawu awiri oti mudine, "apite" kapena "akane". Mukadina "apite", tsamba lotsatira likukufunsani ngati apereke pasipoti kwa ejenti. Zikamuthina kumeneko, mwamukankha ndinu.

Kalembedwe kotere, komwe pa Chingerezi amati hypertext fiction, si ka dzulo. Michael Joyce wa ku America adaonetsa koyamba nkhani yake yotchedwa afternoon, a story mu 1987. Idali m'tizidutswa toposa 500 tolumikizana, moti anthu awiri sankawerenga zofanana. Shelley Jackson adatulutsa Patchwork Girl mu 1995. Ambirife tidazionera pa Bandersnatch ya Netflix mu 2018, kwa omwe bandulo idawalola.

Ine ndimaona kuti ife tidazolowera kale. Agogo akamakamba nthano, omvera sangoyankha "tili tonse" basi. Amaimba nawo, amatsutsa, ndipo wokamba wochenjera amakhotetsa nkhani akaona ana akuwodzera. Olemba nkhani za magawomagawo pa Facebook nawonso amayang'ana ndemanga asanalembe gawo lotsatira. Kungoti kumeneko amapambana ndi wofuula kwambiri, ndipo tonse timathera pa mathero amodzi.

Chida chilipo, chaulere. Twine, yomwe Chris Klimas adatulutsa mu 2009, imakulolani kulemba tizigawo n'kutilumikiza osadziwa za mapulogalamu a kompyuta. Mukamaliza imatulutsa fayilo imodzi ya HTML, yotsegulika ngakhale popanda intaneti. Kwa mnyamata wa ku Lirangwe amene amagula bandulo ya tsiku limodzi, apa ndiye pali phindu: mnzake angomutumizira pa Bluetooth.

Si zophweka, tisanamizane. Kulemba pa Twine ndi kafoni kakang'ono n'kotopetsa, imafuna laputopu. Ndipo mphambano iliyonse imawonjezera ntchito. Mukapereka njira ziwiri kasanu motsatizana, mathero afika 32. N'chifukwa chake olemba ozolowera amabweza njira zina kuti zikumanenso kutsogolo. Mtsikana wa tomato uja akakana lero, ejenti akhoza kumuimbiranso mwezi wamawa, chimanga chitatha m'nkhokwe.